Dzino limamva: chimene chimaletsa nsagwada kuswa mano tikaluma mwala

Aliyense amene amadya nyemba kapena mpunga wopeta pamanja amalidziwa tsoka la kamwala. Wophika asankhe bwanji, tsiku lina kamodzi kamapulumuka ndithu, ndipo chakudza sichiimba ng'oma: muli mkati motafuna, nkhani ikukoma, mwangomva kuti khwa! Chimene ambiri sitichiganizira n'chakuti pamene mukuzindikira kuti mwaluma mwala, nsagwada imakhala italeka kale kufinya, ndipo simunailamule ndinu. Uthenga wochoka padzino umadzera njira yachidule n'kukazimitsa minofu yotsekera pakamwa patangopita mamilisekondi 10 mpaka 15. Sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000, ndipo kuphethira kokha kumatenga osachepera 100. Zinthu zotere, zimene thupi limachita lokha munthu asanaganize, madokotala amati ndi ma reflex.

Changu chimenechi chili ndi chifukwa chake. Mnyamata wa mano athanzi akaluma ndi mphamvu zake zonse pa mano akumbuyo, mphamvuyo imafika pa makilogalamu 50, ena kuposa apo. Limenelo ndi thumba lathunthu la chimanga litatsamira pa kansonga ka dzino. Minofu ya mphamvu zoterozo imagwira ntchito pafupi ndi lilime, masaya ndi milomo, zinthu zofewa zimene zimalowa ndi kutuluka pakati pa mano nthawi yonse imene tikudya. Komanso m'kamwa mulibe maso. Dzanja likamagwira mpeni maso amaliyang'anira, koma nsagwada ilibe woilondolera wina kupatula kumva kwa m'kamwa momwemo. Kumva kumeneko ndiko kumaiuza poyambira kufinya, mphamvu yoti iike, ndiponso polekera, pamene ine ndimaona kuti m'pofunika kuposa zonse.

Muzu wa dzino sugunda fupa

Ambiri timaganiza kuti dzino ndi chinthu chouma chozikika m'fupa, chomwe chimayamba kumva pokhapokha chikabooka. Si choncho. Pakati pa muzu wa dzino ndi fupa la nsagwada pali kampata kopyapyala, pafupifupi mamilimita 0.2, kodzaza ndi tiulusi tolimba tomwe mbali ina tagwira muzu, mbali ina tagwira fupa. Madokotala a mano amati periodontal ligament. Dzino limalendewera pa tiulusi timeneti, n'chifukwa chake mukaligwira ndi zala n'kuligwedeza limasuntha pang'ono zedi ngakhale lili labwinobwino. Pakati pa tiulusito palowerera nsonga za minyewa yonyamula uthenga. Dzino likakankhidwa, tiulusi ta mbali ina timakokeka, nsonga zija zimamva kukokekako, uthenga n'kunyamuka.

Kumva kwake n'kodabwitsa. Ofufuza akaika kapepala kachitsulo pakati pa mano a munthu, iye amakazindikira ngakhale kuchindikala kwake kuli mamilimita 0.02 okha, kuchepera tsitsi la m'mutu. N'chifukwa chake kamchenga kamodzi mu ndiwo zamasamba zosatsuka bwino kamakhoza kumudyetsa munthu mwamantha mpaka nsima kutha.

M'zaka za m'ma 1990, pa yunivesite ya Umeå ku Sweden, Mats Trulsson ndi Roland Johansson anamvetsera minyewa imeneyi mwachindunji. Ankalowetsa kasingano kopyapyala mu mnyewa wopita kumano a m'munsi, munthu ali maso, n'kumajambula uthenga wa selo limodzi pamene akukankha dzino cha uku ndi uku. Anapeza kuti selo lililonse lili ndi mbali yake imene limamva kwambiri: lina dzino likakankhidwira kutsogolo, lina likakankhidwira mkati, lina likapanikizidwira pansi. Ubongo ukaphatikiza mauthenga a maselo ambiri umadziwa dzino limene lakhudzidwa ndiponso kumene mphamvu ikulowera. Maselowa satopa msanga, amangotumizabe uthenga malinga dzino likadali lopanikizika. Koma chimene chinali chosayembekezeka n'chakuti ambiri mwa iwo, pa mano akutsogolo, amasiyanitsa bwino timphamvu tochepa, tosafika magalamu 100. Kupitirira apo uthenga wawo susinthanso kwenikweni, kaya mphamvu ikule bwanji.

Nanga chiwalo choluma makilogalamu makumimakumi chikhalirenji ndi minyewa yotchera khutu ku magalamu ochepa chabe? Yankho analipeza ndi mtedza. Ankapatsa munthu theka la njere ya mtedza, litaikidwa pa kachitsulo koyeza mphamvu, n'kumuuza kuti ayambe waligwira ndi mano akutsogolo kwa masekondi angapo, kenako aliswe. Pogwira paja anthu ankaika mphamvu ya magalamu pafupifupi 60, yongokwanira kuti mtedza usagwe, ndipo inkakhala yokhazikika. Atawabaya jakisoni wa dzanzi kuzungulira manowo, mphamvu yogwirira inakwera pafupifupi kanayi, inkangokwera ndi kutsika, ndipo mtedza unkapulumuka kawirikawiri. Mphamvu yoswera sinasinthe kwenikweni. Mu 1998 Trulsson ndi mnzake wina anayesa zomwezo pa anthu a mano oikirira, ndipo anapeza kuti iwo amagwira mtedza ngati mmene amachitira munthu wobayidwa dzanzi uja.

Apa m'pamene pagona luso la kudya. Munthu wosenda nzimbe ndi mano amayamba waligwira khoko mofatsa, kulifunafuna pogwira bwino, kenako n'kukoka. Wodya chambo amakhoza kugwira kamunga ndi mano akutsogolo osakathyola, lilime n'kukakankhira kunja. Dzino likangokhudza chakudya koyamba, mphamvu isanakule, limakhala litauza kale ubongo pamene chakudyacho chili ndi kulimba kwake.

Mano sali okha. Nsonga ya lilime ndi milomo zili m'gulu la malo omva kwambiri pathupi lonse. Nkhama, masaya, kumwamba kwa m'kamwa ndiponso polumikizira nsagwada kutsogolo kwa khutu, zonsezi zimatumiza uthenga wawo. Mkati mwenimweni mwa dzino mulinso mnyewa wina, uja umatisowetsa tulo dzino likabooka, koma umenewo uthenga wake waukulu ndi ululu.

Njira yaifupi ya uthenga

Pafupifupi uthenga wonsewu umayenda mu mnyewa umodzi waukulu wotchedwa trigeminal, wachisanu pa minyewa 12 imene imatuluka mu ubongo mbali iliyonse ya mutu. Uli ndi nthambi zitatu: ya kumaso ndi pamphumi, ya nsagwada ya m'mwamba, ndi ya nsagwada ya m'munsi. Nthambi yachitatuyi ndi yomwenso imanyamula malamulo opita kuminofu yotafunira. Choncho uthenga wolowa ndi lamulo lotuluka zimakumana pafupi, mu tsinde la ubongo, paja ubongo umayamba kulumikizana ndi msana. Mtunda wochoka padzino kufika pamenepo n'kubwerera kutsaya ndi waufupi, ndipo changu chija chimachokera apa.

Ikani zala patsaya, chakumunsi pafupi ndi ngodya ya nsagwada, ndipo mulume mano. Chimene chatupacho ndi mnofu wotchedwa masseter. Sunthirani zalazo m'mbali mwa mutu, pamwamba pa khutu chakutsogolo, mulumenso: umenewo ndi temporalis. Palinso wachitatu wobisika mkati. Itatuyi ndiyo yotseka pakamwa, ndipo ndi yamphamvu. Yotsekula ili kunsi kwa chibwano, ndi yaing'ono, chifukwa kuyasama sikulimbana ndi kanthu.

Minofu yotsekayi nayo imamva. Mkati mwake muli tizigawo totchedwa muscle spindle, timene timayeza kutalika kwa mnofu ndi liwiro limene ukukokedwa nalo. Mu minofu yotseka timapezeka tambiri, pamene mu yotsekula timasowa kapena kupezeka tochepa kwambiri. Minyewa yochoka mu tizigawo timeneti ili ndi chachilendo chimene sichipezeka kwina kulikonse m'thupi. Maselo onse olandira kumva kwa khungu ndi minofu amakhala kunja kwa ubongo ndi msana, m'timagulu tawo, koma awa okha, pamodzi ndi ena ochoka ku tiulusi ta mano, amakhala mkati mwenimweni mwa tsinde la ubongo. Kuchoka pamenepo amalumikizana mwachindunji ndi maselo olamula minofu yotseka, popanda mkhalapakati.

Dokotala wa minyewa amaiyesa njira imeneyi. Amakuuzani kuti muyasame pang'ono, nsagwada ili lende, amaika chala chake pachibwano panu n'kuchimenya mopepuka ndi kahamala. Chibwano chimatsika pang'ono, minofu yotseka imakokeka, ndipo pakangopita mamilisekondi 7 kapena 8 imakoka kubwezera nsagwada m'mwamba. Kuyeza kumeneku kunayamba m'zaka za m'ma 1880. Pa munthu wabwinobwino kugwedezekako kumakhala kochepa, mwina kosaoneka n'komwe. Kukakhala kwamphamvu, mano mpaka kugundana, dokotala amakayikira kuti njira zotsika kuchoka kumtunda kwa ubongo zavulala mbali zonse ziwiri, monga zimachitikira ndi sitiroko yobwerezabwereza kapena matenda ofooketsa maselo olamula minofu. Izi zikusonyeza kuti masiku onse ubongo wa kumtunda umakhala ukuigwira reflex imeneyi kuti isapitirire muyeso.

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku palibe amene amatimenya pachibwano, koma reflex yomweyo imagwira ntchito tikamathamanga. Munthu akakhala phee mano a m'mwamba ndi a m'munsi sagundana, pamakhala kampata ka mamilimita ochepa. Phazi likamenya pansi pothamanga, nsagwada imafuna kugwa chifukwa cha kulemera kwake. Timothy Miles ndi anzake ku Adelaide, m'dziko la Australia, anaonetsa mu 2004 kuti nthawi iliyonse phazi likatera, minofu yotseka imakoka pang'ono n'kuigwira nsagwada kuti isamangowewera.

Kuletsa

Tibwerere kwa kamwala. Mu 1917 Charles Sherrington wa ku Oxford, yemwe mu 1932 analandira mphoto ya Nobel, analemba zimene anaona pa amphaka omwe ubongo wawo wa kumtunda unali utalekanitsidwa ndi tsinde. Akapanikiza dzino, nkhama kapena kumwamba kwa m'kamwa, pakamwa pa mphaka pankatseguka mwadzidzidzi. Zinthu ziwiri zinkachitika nthawi imodzi: minofu yotseka inkazima, yotsekula inkakoka.

Pa munthu mbali yachiwiriyi ndi yofooka. Chimene chimaoneka bwino ndi kuzima kwa minofu yotseka. Ofufuza amamata timawaya patsaya kuti ajambule magetsi a masseter, amauza munthu kuti alume, kenako amagogoda dzino kapena kulasa mlomo ndi kamagetsi kochepa. Pa chojambulacho mizere yothinana ija imangoti zii, kenako n'kuyambiranso. Kawirikawiri kuzimako kumabwera kawiri: koyamba pa mamilisekondi 10 mpaka 15, kachiwiri pa 40 mpaka 50. Koyamba kamadzera mwa selo limodzi lokha la pakati, lomwe ntchito yake n'kuletsa maselo olamula minofu. Kachiwiri kamadzera njira yaitali ya maselo angapo, ndipo kamasintha malinga ndi mmene munthu alili, ngati akuyembekezera chinthucho kapena akumva ululu kwina. Dzino la mbali imodzi likagogodedwa, minofu ya mbali zonse ziwiri imazima, poti nsagwada ya m'munsi ndi fupa limodzi, mbali ina singaleke inzake ikufinyabe.

Komabe dzino silimangoletsa nthawi zonse, ndipo zikanatero sitikanatafuna chimanga chokazinga. Kemal Türker ndi anzake, ku Adelaide komweko, anaonetsa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti yankho limadalira mmene mphamvu yafikira padzino. Ikabwera mwadzidzidzi, ngati kugogoda, minofu yotseka imazima. Ikabwera mokwera pang'onopang'ono, minofuyo imawonjezera kukoka. Mwala umaimitsa dzino kamodzin'kamodzi, pamene nyama yolimba kapena chinangwa chachiwisi chimakana mwapang'onopang'ono uku chikuphwanyika. Minyewa yomweyo ya dzino lomwelo imasiyanitsa ziwirizi, kwina n'kulamula kuleka, kwina n'kulamula kulimbikira.

Pali ngozi inanso, yosiyana ndi ya mwala. Mukuswa fupa la nkhuku ndi mano, mwaika mphamvu zambiri, kenako fupalo langoti phwa. Chimene chinkakana chachoka, mphamvu ikadalipo, ndipo mano a m'munsi akuthamangira a m'mwamba. Kawirikawiri sagundana. Fupa likasweka, minofu yotseka imafupika mwadzidzidzi, tizigawo toyeza kutalika tija timakhwefuka n'kuleka kutumiza uthenga umene unkathandiza kukoka, ndipo minofu imazima pasanathe mamilisekondi pafupifupi 20. Komabe ngakhale changu chimenechi pachokha chikanachedwa. Miles anaonetsa mu 1982 kuti munthu akamaluma chinthu chimene akudziwa kuti chisweka, minofu yotsekula imakhala itakungika kale pamene yotseka ikufinya, ndipo kukungika kumeneku ndiko kumayamba kuigwira nsagwada. Mnofu nawo ukamafupika mwaliwiro mphamvu yake imatsika yokha. Chitetezo chili patatu, ndipo china mwa icho chimakonzedwa ngozi isanafike. N'chifukwa chake chinthu chimene chimathyola dzino kawirikawiri ndi chija simunachiyembekezere, osati fupa limene mwaliona n'kulilowetsa dala m'kamwa.

Kodi kutafuna ndi ma reflex okhaokha?

Sherrington ankaganiza choncho. Kwa iye kutafuna kunali unyolo: chakudya chipanikiza mano, pakamwa patseguka, minofu yotseka ikokeka n'kutsekanso, chakudya chipanikizanso mano, n'kumangozungulira chotero. Maganizo amenewa anakhala m'mabuku zaka zoposa 50.

Mu 1971 ku Canada, Peter Dellow ndi James Lund anawagwetsa. Anapatsa akalulu mankhwala ofooketsa minofu kuti nsagwada isasunthe n'komwe, kotero kuti panalibe uthenga wa kuyenda umene ukanabwerera ku ubongo. Kenako analasa ndi magetsi njira yotsika kuchoka kumtunda kwa ubongo. Minyewa yolamula minofu inayamba kutulutsa malamulo mosinthanasinthana, tsekula, tseka, tsekula, tseka, nsagwada ili chiimire. Zinadziwika kuti mu tsinde la ubongo muli gulu la maselo limene limapanga lokha kayendedwe ka kutafuna. Ubongo wa kumtunda umangoliyambitsa ndi kuliimitsa, ndiye chifukwa chake timatha kutafuna uku tikutsatira nkhani, osawerenga kuti nsagwada yakwera kangati.

Koma kayendedwe kopangidwa mkatika n'kosaona, sikadziwa ngati m'kamwa muli phala kapena mtedza. Uthenga wa m'kamwa ndi umene umakaumba kuti kagwirizane ndi chakudya. Mu 1987 Lund ndi anzake ku Montreal ankaika kampira kachitsulo pakati pa mano a kalulu amene akutafuna, ndipo nthawi yomweyo minofu yotseka inkakoka mwamphamvu komanso motalikirapo. Atadula minyewa yochoka kumano, kuwonjezera kuja kunachepa kwambiri. Toshifumi Morimoto ndi anzake ku Osaka anaonetsa kuti mbali yotsalayo imachokera ku tizigawo ta m'minofu tija. Ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, ofufuza anayesa anthu ndi makina a maginito amene ankakaniza nsagwada ngati chakudya. Ulendo woyamba minofu inkawonjezera mphamvu itakumana kale ndi chokanizacho, koma maulendo otsatira inkayamba kuwonjezera isanachifike. Ubongo umaphunzira pa kuluma kumodzi n'kukonzekera kotsatira.

Chinanso chimene ndimachiona chokongola pa dongosolo limeneli n'chakuti gulu la maselo lija limalamuliranso ma reflex eni akewo. Pamene nsagwada ikutseka, chakudya chimakhudza mano, nkhama ndi lilime, ndipo kukhudza konseko kukanati kuzitsekula pakamwa, sitikanameza kanthu. Choncho pa nthawi yotseka, reflex yochokera ku kukhudza wamba imatsitsidwa, koma yochokera ku ululu imasiyidwa ili tcheru. Mukadziluma lilime nsagwada imalekabe pompo.

Ululu wokhalitsa nawo umasintha kayendedwe. Munthu wodwala dzino kapena polumikizira nsagwada amatafuna pang'onopang'ono, sayasama kwambiri, ndipo mphamvu yake yoluma imatsika. Lund ndi anzake anafotokoza mu 1991 kuti uku si ulesi wa minofu: ululu umachepetsa mphamvu ya mnofu umene ukuyendetsa nsagwada n'kukungitsa pang'ono wotsutsana nawo, kuti povulalapo pasasunthe kwambiri.

Kumva kukasowa, kuletsa kukafa

Jakisoni wa dzanzi kwa dokotala wa mano amaonetsa zonsezi m'maola ochepa. Minofu imakhala ndi mphamvu zake zonse, koma mlomo ndi lilime sizikunenanso pamene zili. Ana ndiwo amavulala kwambiri: amaluma mlomo wadzanziwo mobwerezabwereza chifukwa ukuwamvekera zachilendo, mawa lake n'kudzuka utatupa ndi chilonda. Mwana akachoka kozula kapena komata dzino la m'munsi, muyang'anireni, ndipo asadye zotafuna mpaka dzanzi litatha. Dzanzi lomwelo ndi limene nthawi zina limachititsa kuti chomata chitsale chotumphuka pang'ono, poti wodwala sangamve bwino pamene akumufunsa ngati mano akukumana. Dzanzi likatha dzino limanena, ndipo munthu amayamba kutafunira mbali ina. Ndi bwino kubwerera kuti akachipale, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Dzino likazulidwa, tiulusi tija timapita nalo limodzi, ndipo kumva kwake sikubwereranso. Wovala mano oikirira ochotseka amamva kudzera mu nkhama zokha, moti kapepala kaja amakazindikira kakafika mamilimita 0.1 kapena kuposa, ndipo mphamvu yake yoluma sifika ngakhale theka la ya mano enieni. Mano okhomera m'fupa ndi chitsulo cha titanium, amene Per-Ingvar Brånemark anayamba kuika mwa anthu ku Gothenburg mu 1965, ndi olimba ndipo amaluma mwamphamvu, koma amagwirana ndi fupa mwachindunji, popanda tiulusi. Eni ake amamvako ndithu kudzera m'fupa ndi m'minofu, komabe pogwira mtedza uja amalephera chimodzimodzi. Dzino limene lachotsedwa mnyewa wa mkati n'kumatidwa ndi losiyana: silimvanso kuzizira, koma tiulusi ta kumuzu tikadalipo, ndipo limamvabe kuluma. Kwathu kuno ambiri timafika kuchipatala dzino litawola kale, titagona nalo masabata tikulipaka izi ndi izo, ndipo chotsala chimakhala kuzula. Zimandiwawa, chifukwa chimene chimatayidwa m'kambale kaja ndi chiwalo chomva. Kupita msanga, kabowo kakadali kakang'ono, ndiko kumapatsa dokotala mpata wolipulumutsa.

Matenda amene amaonetsa poyera kufunika kwa kuletsa ndi kafumbata. Kachilombo kake, Clostridium tetani, kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo kamalowa pachilonda. Poizoni wake amakwera m'minyewa mpaka kukafika mu msana ndi mu tsinde la ubongo, kumene amakalepheretsa maselo oletsa aja kuti asatulutse glycine ndi GABA, mankhwala amene amatontholetsa maselo olamula minofu. Woletsa akachoka, minofu imangokoka osaleka. Kawirikawiri zimayambira kunsagwada, ndipo popeza minofu yotseka imaposa yotsekula, pakamwa pamangoti gwa. Akamujambula wodwalayo magetsi a patsaya, kuzima kuja kumapezeka kutachepa kapena kutasoweratu. Mu 1995 madokotala a ku Mumbai anafotokoza njira yapafupi yoyezera matendawa: akakhudza kukhosi ndi kathabwa kopanikizira lilime, munthu wabwinobwino amachita ngati asanza n'kukakankhira kunja, koma wa kafumbata amakaluma. Pa khanda chizindikiro chake n'chomvetsa chisoni. Limabadwa bwino, limayamwa bwino masiku awiri oyamba, kenako pakati pa tsiku lachitatu ndi la 28 limaleka kuyamwa chifukwa kakamwa kauma. Kachilombo kamakhala katalowera pamchombo wodulidwa ndi chinthu chosaphitsa kapena wopakidwa zinthu. Katemera amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo amateteza mayi ndi mwana yemwe, ndipo khanda lotere n'lofunika kuthamangira nalo kuchipatala tsiku lomwelo.

Munthu akagwa khunyu nsagwada imathanso kumangika, ngakhale gwero lake n'lina, ndi ubongo wa kumtunda umene ukutumiza malamulo osalekeza. Chizolowezi chomukanula pakamwa ndi supuni kapena kamtengo chathyola mano ambiri ndi kulumitsa zala zambiri. Lilime silimezeka. Chofunika n'kumuchotsa pafupi ndi moto kapena madzi, kumutetezera mutu, ndi kumugoneka chammbali kugwedezeka kukatha.

Otsiriza ndi ana amene ubongo wawo unavulala pobadwa kapena ndi matenda aakulu ali aang'ono. Khanda lililonse limabadwa ndi ma reflex ake a pakamwa: mukalikhudza patsaya limatembenukira komweko, mukalipanikiza nkhama limaluma n'kuleka, kuluma n'kuleka. Ubongo wa kumtunda ukamakhwima umazigwira zimenezi, kutafuna kwenikweni n'kuyamba. Pa ana ena ovulala ubongo kugwirako sikufika, ndipo supuni ikangogunda mano kapena nkhama nsagwada imatseka mwamphamvu osatsegukanso. Mayi kapena agogo odyetsa amaona ngati mwana akuchita makani, mwina mpaka kumukalipira, chonsecho mwanayo sangathe kuleka ngakhale atafuna. Kukoka supuni kumangowonjezera, chifukwa kukokako kumapanikiza mano ndi kukoka minofu yotseka, ndipo zonse ziwiri zimaiuza kuti ilimbikire. Othandiza ana otere amalangiza kumukhazika mwana mowongoka, mutu usagwere chagada, kugwiritsa ntchito supuni yaing'ono yosazama ndi yosasweka m'malo mwa yachitsulo, ndi kuika chakudya osagunda mano. Ikalumidwa, musaikoke. Mutontholetseni mwanayo, dikirani nsagwada ikhwefuke yokha, kenako muitulutse.